BWENZI NDIYE MSUNGI WA DZINA LA MNZAKE



Mwezi uno tifuna kusinkhasinkha nanu funso lakalekale, limene ana afunsa ndipo akulu sayankha msanga: kodi bwenzi lenileni tilizindikira ndi chiyani? Ena ati, bwenzi ndiye wondipatsa kanthu ndikasowa. Ena ati, ndiye amene ndiyenda naye ku msika ndi kuseka naye pa njira. Zonsezi zili ndi choonadi chake pang'ono. Koma ife tinena kuti bwenzi ndiye munthu amene asunga dzina lako pa tsiku limene anthu onse aliiwala, ngakhale iwe mwini wake. Chimene chatitsogolera ku ganizo limeneli ndi nthano ina ya chithunzithunzi, yochokera ku dziko lakutali la Japan.

Za chithunzithunzicho

Ana athu masiku ano aonera makatuni pa foni ndi m'nyumba za vidiyo, ndipo makolo ambiri sadziwa zimene anawo ali kuona. Katuni ndi chithunzithunzi chimene mulibe anthu amoyo. Amisiri alemba zithunzi zikwi zambirimbiri, chilichonse chosiyana pang'ono ndi chinzake, ndipo pozionetsa mofulumira diso liyesa kuti zili kuyenda. Chimene tinena ife chinatuluka m'chaka cha 2001. Anachikonza ndi Hayao Miyazaki pamodzi ndi amisiri a nyumba yotchedwa Studio Ghibli. Eni ake achitcha Sen to Chihiro no Kamikakushi, ndiko kunena kubisika kwa Sen ndi Chihiro kwa mizimu. Olankhula Chingerezi achitcha Spirited Away. Chinalandira mphotho yaikulu ku Berlin m'chaka cha 2002, ndi ina ya Oscar ku America m'chaka cha 2003.

Nthano yake ndi iyi. Mtsikana wa zaka 10, dzina lake Chihiro, anali kusamuka ndi atate ndi amake kunka ku mudzi watsopano, ndipo mtima wake unali wowawa chifukwa cha anzake amene anawasiya. Pa njira atate anasokera, nalowa onse atatu m'khwalala lamdima, natulukira pa mudzi wopanda anthu. Pamenepo anapeza zakudya zonunkhira zili pa thebulo, mwini wake palibe. Mwana anakana kudya, koma makolo anakhala pansi nadya osaleka, atate nati ndalama ali nazo, adzalipira mwini akadza. Pofika madzulo anasanduka nkhumba. Makolo athu anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Apa taonani zinatembenuka, nkhuyu zodya akulu zinapota mwana.

Mudziwo unali wa mizimu, ndipo pakati pake panali nyumba yaikulu yosambiramo mizimuyo, mwini wake nkhalamba yamatsenga, Yubaba. Mnyamata wina wa m'nyumbamo, Haku, anamchitira chifundo Chihiro, namuuza kuti munthu wosagwira ntchito sakhala ndi moyo kumeneko; apemphe ntchito, asaleke kupempha kufikira ampatse.

Kodi Mkhristu ayenera kumva nthano ya mizimu?

Tisanapitirire, tidziwa kuti ena mwa akulu a mpingo ali kufunsa kale m'mtima: kodi katekisiti atiuziranji za mizimu ndi matsenga, zimene tinazikana pa tsiku la ubatizo? Funso limeneli ndi loyenera. Anthu a ku Japan kuyambira kale anakhulupirira kuti m'mitsinje ndi m'mapiri muli mizimu, monganso makolo athu ananena za Napolo wotuluka m'phiri ndi madzi osefukira. Ife sitipembedza zimenezo, ndipo tiphunzitsa ana athu kuti Mlengi wa mitsinje ndi mapiri ndiye mmodzi yekha.

Koma nthano ndi nthano. Palibe agogo amene anakamba za Kalulu ndi Fisi pa moto madzulo nakhulupirira kuti kalulu alankhula Chinyanja. Iwo anali kunena za ife anthu, za umbombo wathu ndi kuchenjera kwathu. Ngakhale m'Malembo, Yotamu anaimirira pa phiri nakamba nthano ya mitengo yofuna mfumu, ndipo mneneri Natani anakola mfumu Davide ndi nthano ya kamwana ka nkhosa. Chifukwa chake nthano tiiyesa ndi zipatso zake: ngati iphunzitsa mwana kukhumba matsenga, tiitaye, ngati imphunzitsa kukana umbombo ndi kukhala wokhulupirika kwa mnzake, tiipete monga apeta mpunga, mankhusu apite ndi mphepo, maso ake tisunge.

Kulandidwa dzina

Chihiro atalemba dzina lake pa kalata ya chipangano cha ntchito, Yubaba anati dzinalo ndi lalikulu kwambiri kwa wantchito. Anatambasula dzanja nanyamula zilembo zake pa pepala, nasiya chilembo chimodzi chokha. Chilembo chimenecho, chikaima pachokha, chiwerengedwa Sen, ndipo tanthauzo lake ndi chikwi, ndiye 1,000. Potero mwana wa munthu, amene amake anamutcha dzina ndi chikondi, anasanduka nambala.

Ife a kuno ku Thyolo sitisowa wotimasulira fanizo limeneli. Tiyi anayamba kulimidwa m'minda yaikulu ku Mulanje m'chaka cha 1891, nafika kuno kwathu pambuyo pake. Malo aakulu anakhala a eni maesiteti, ndipo anthu okhalapo anayenera kugwira ntchito kwa mwini malo m'malo mwa lendi. Ntchito imeneyi inatchedwa thangata. Lingalirani mawu amenewa, abale. Kwa makolo athu kuthangata kunali ntchito ya chibwenzi: lero tilima kwa uje, mawa tilima kwanu, madzulo timwa thobwa pamodzi. Mawu okoma otere analandidwa tanthauzo lake, nakhala dzina la goli lolemera, limene linathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1962. Munthu wa thangata anadziwika ndi tikiti yake ndi masiku amene kapitawo anachongapo. Za amake, za mfunda wake, za kumene anachokera, bukulo silinafunse.

Ambiri ogwira thangata anali Alomwe, amene anaoloka malire kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi ndi njala. Atafika kuno anapatsidwa dzina lachipongwe, limene sitifuna kulilemba m'nyuzi ino, ndipo linalowa ngakhale m'makalata a boma. Ana ena anachita manyazi, nabisa mtundu wao, naleka chilankhulo cha amayi ao. Koma Lewis Bandawe, amene anathandiza kumasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, anasonkhanitsa anzake m'chaka cha 1943, napempha boma kuti anthu ake atchedwe ndi dzina lao lenileni. Ndipo boma linavomera. Iye anali bwenzi la mtundu wake, pakuti anasunga dzina pamene ambiri anali kuliiwala.

Machitidwe awa a eni mphamvu ndi akale. Nebukadinezara atatenga anyamata a ku Yuda kunka nao ku Babulo, chimodzi cha zoyamba zimene mkulu wa adindo ake anachita ndicho kusintha maina ao: Danieli, Hananiya, Misayeli ndi Azariya anapatsidwa maina a ku Babulo. Wolanda dzina adziwa kuti munthu woiwala dzina lake aiwalanso njira ya kwao, ndipo woiwala kwao sathawa. Koma anyamata anayi aja anali pamodzi, nalimbikitsana pa chakudya ndi pa pemphero, ndipo Babulo sanathe kuwameza.

Mmene bwenzi lichitira

M'mawa mwake Haku anatengera mtsikanayo ku khola kukaona makolo ake, nambwezera zovala zake zakale. M'zovalamo munali kakalata kotsazika kamene mnzake anamlembera pochoka kwao, ndipo pa kakalatako panali dzina lakuti Chihiro. Mwanayo anadzidzimuka, pakuti usiku umodzi wokha unatsala pang'ono kumuiwalitsa dzina lake. Haku anamchenjeza kuti alisunge mobisa, popeza Yubaba alamulira anthu mwa kuwabera maina. Ananenanso kuti iye mwini dzina lake lenileni analiiwala, ndipo chifukwa chake sangathe kubwerera kwao. Koma la Chihiro alikumbuka. Pamenepo anampatsa mpunga, ndipo mwanayo anadya ali kulira.

Taonani abwenzi awiri pano. Woyamba ndi mwana wa sukulu amene analemba kakalata, wosadziwa kuti mawu ake ochepa adzapulumutsa mnzake m'dziko lachilendo. Wachiwiri ndi kapolo wosauka koposa, wopanda ngakhale dzina, amene anasungira mnzake chuma chimene iye mwini analibe. Potero tiphunzira kuti chibwenzi sichilindira kuti munthu ayambe walemera. Mayi wothyola tiyi, amene dengu lake liyesedwa pa sikelo ndi kulembedwa pa nambala, angathe kukhala msungi wa mnzake wa mzere womwewo, pomuitana ndi mfunda wake, pomfunsa za mwana wodwala, pomkumbutsa kuti Mulungu samwerenga ndi makilogalamu.

Bwenzi logula ndi golide

M'nthanoyi mulinso cholengedwa china chakuda, chovala chigoba choyera kumaso, dzina lake Kaonashi, ndiko kunena Wopanda Nkhope. Chinaima panja pa mvula chokhachokha, ndipo Chihiro anachisiyira chitseko chotsegula. Popeza sichinadziwe njira ya chibwenzi, chinayesa kugula. Chinatulutsa golide m'manja mwake, ndipo antchito onse a m'nyumbamo anathamanga ndi mbale za zakudya, nachiimbira nyimbo, nachigwadira. Chinadya, chinakula, ndipo njala yake inakulanso, kufikira chinameza antchito atatu. Koma pamene chinatambasulira Chihiro manja odzala golide, iye anakana, nati sakumfuna, ali ndi changu, mnzake ali kudwala. Pambuyo pake golide yense uja anasanduka dothi.

Akulu anati chibwenzi cha nkhwangwa chikoma pokwera; munthu akafika pamwamba pa mtengo aiponya pansi. Chibwenzi chotere tichiona pa tsiku la malipiro. Mnyamata amene mwezi wonse anadya yekha, madzulo a tsikulo azingidwa ndi anthu omutcha bwana, omutcha achimwene. Ndalama zikatha abwerera yekha ku komboni, ndipo palibe mmodzi wa iwo adziwa mudzi wa amake. Tichionanso m'nyengo ya mavoti, pamene nsalu ndi ndalama zigawidwa pa bwalo, wogawa osadziwa dzina la wolandira. Simoni wa ku Samariya anayesa kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, ndipo Petro anamdzudzula kolimba. Chibwenzi chilinso mphatso yotere. Ukachiika pa sikelo chafa kale.

Komatu pali china chimene tisachiphonye. Chihiro anakana golide, koma mwini golide sanamtaye. Anachipatsa mankhwala owawa, nichisanza zonse chinameza, ndipo pamene chinamtsata chili chete ndi chochepa, anachilola kukhala pambali pake m'sitima. Pa mapeto chinapeza pokhala ndi ntchito yopota thonje kwa nkhalamba ina yachifundo. Ambiri amene agula anzao ndi mowa ndi ndalama ndi anthu osungulumwa, amene sanaphunzitsidwe njira ina. Mkhristu akane mtengo wao, koma asawatsekere chitseko.

Bwenzi lisenza mlandu wa mnzake

Wina angatsutse nati: kodi sikuli kuopsa kuphunzitsa ana kukhulupirika kwa bwenzi, popeza bwenzi lingakhale loipa? Indedi, ndipo nthanoyi sibisa zimenezi. Haku sanali wosalakwa. Anadzipereka yekha kwa Yubaba pofuna kuphunzira matsenga, ndipo motumidwa ndi iye anaba chidindo cha Zeniba, mbale wake wa Yubaba. Anabwerako ali chinjoka choyera chouluka, magazi ali chuchuchu, ali pafupi kufa.

Chihiro sanati kuba kuli bwino popeza wakubayo ndi mnzanga. Sanatinso ndilibe naye kanthu popeza ndi mbala. Anali ndi kambulu ka mankhwala kamene anakasungira makolo ake, ndipo anakanyema nampatsako Haku. Atatero anatenga chidindo chija, nakwera sitima yopita yokha yosabwerera, kunka kwa Zeniba kukachibweza ndi kupepesa m'malo mwa mnzake. Umu ndimo anachitira Paulo ndi Onesimo, kapolo wothawa: sanabise mlandu wake, koma anamtumiza kwa Filemoni ndi kalata, nalonjeza kuti ngongole iliyonse adzalipira iye. Tsono bwenzi loona silithandiza mnzake kubisa katundu wakuba, kapena kumnamizira kwa kapitawo, kapena kumperekeza kwa mkazi wa mwini. Limperekeza ku bwalo la mfumu ndi kwa akulu a mpingo, niliima pambali pake pamene manyazi amgwira. Mnzako akapsa ndevu mzimire, anatero makolo. Sanati umthire mafuta.

Kubwezerana

Pobwerera kwa Zeniba, Chihiro ali pa msana pa chinjoka, anakumbuka kanthu ka ubwana wake. Ali wamng'ono anagwa mumtsinje potola nsapato yake, ndipo madzi anamnyamula namfikitsa pa mtunda. Mtsinjewo unakwiriridwa pambuyo pake, anthu namangapo nyumba. Koma dzina lake analikumbuka, ndilo Kohaku. Atangolitchula, mamba a chinjoka anayoyoka, Haku nadziwa kuti iye ndiye mzimu wa mtsinje umenewo, ndipo goli la Yubaba linathyoka.

Apa ndi pamene pali mtima wa nthano yonse. Haku anasunga dzina la Chihiro, Chihiro nasunga la Haku, ndipo palibe mmodzi wa iwo akanatha kudzimasula yekha. Kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu. Munthu saona nkhope yake popanda kalilole, ndipo pa masiku a tsoka sakumbuka kuti iye ndani popanda mnzake womuuza. Chidakwa chiiwala kuti chinali mphunzitsi wa Sande sukulu; mtsikana amene anapita ku Limbe kukafuna ntchito nagwa m'mavuto aiwala kuti ali ndi kwao; mnyamata wa ku Joni, wotchedwa ndi dzina lachipongwe la alendo, aiwala kuti kwa Nchilamwela ali ndi mfunda. Ngati alipo mmodzi amene amuitanabe ndi dzina lakale, njira yobwerera ikali yotseguka. Davide anachita chotero ngakhale Jonatani atafa: anafunafuna wotsala wa nyumba ya Sauli, napeza Mefiboseti wopunduka miyendo, namkhazika pa gome lake chifukwa cha dzina la bwenzi lake.

Ndipo mwana amene anasunga dzina lake anadziwanso makolo ake. Yubaba anaika nkhumba patsogolo pake kuti aloze atate ndi amake. Iye anayang'ana nati, pano palibe. Ananena zoona, ndipo kalata ya chipangano inatha mphamvu, nabwerera onse atatu kwao.

Nanga dzina la ubatizo?

Latsala funso limodzi, ndipo wakunja wochenjera angatifunse: inu a mpingo, kodi simusinthanso maina a anthu pa ubatizo? Musiyana bwanji ndi Yubaba? Tiyankha kuti kusiyana kuli m'cholinga. Yubaba anachotsa kuti munthu achepe ndi kukhala wake. Mulungu potcha Abramu dzina latsopano anamkuza, namlonjeza mitundu. Ambuye potcha Simoni dzina lakuti Petro sanafafanize lakale, pakuti atauka kwa akufa anamuitanabe Simoni pa gombe la nyanja, pa tsiku limene Petro anali ndi manyazi a kumkana katatu. Makolo athunso anadziwa maina okuza munthu: la pa chinamwali, la mfunda, ndi lija la ulemu lotchula munthu ndi mwana wake woyamba. Chifukwa chake Mkhristu asachite manyazi ndi dzina la agogo ake, kapena ndi Chilomwe, Chimang'anja ndi Chiyao cha amake. Mbusa wabwino adziwa nkhosa zake imodzi imodzi, ndipo m'buku lake mulibe munthu wolembedwa ndi nambala.

Chotsalira kwa ife

Tsono, abale, tichite zitatu izi. Choyamba, inu makolo, khalani pansi ndi ana anu pamene aonera zithunzi zao, muwafunse kuti bwenzi ndani m'nthanoyi, ndipo wonyenga ndani. Muwauzenso maina a agogo ao ndi a mudzi umene anachokera, kuti akadzayenda kutali akhale ndi kakalata m'thumba. Chachiwiri, inu akapitawo ndi akalaliki amene muli Akhristu, bukhu la ntchito lifuna nambala, ndipo mulembe nambalayo mokhulupirika. Koma pakamwa panu patuluke dzina la munthu ndi ulemu wake. Chachitatu, mpingo uliwonse uli ndi anthu amene maina ao ali m'kaundula koma mipando yao ili yopanda munthu. Sabata lino yense wa ife asankhe mmodzi, apite kwao ngakhale kuli chiperoni, kapena amlembere ngati ali kutali, amuitane ndi dzina lake, amuuze kuti malo ake alipobe.

Mulungu wa mtendere, amene anatidziwa tisanabadwe, asunge inu nonse ndi ana anu kufikira tidzalankhulanenso mwezi wamawa.